Mawu a Rosie Amene a Jailos Sanawamve

Aliyense amene anadikirapo minibasi pa siteji ya Likhubula akuwadziwa a Jailos Namaona, ngakhale dzina lenilenilo ambiri salidziwa. Kumeneko amangoti a Filipo. Ndi madala aja amakhala pakhonde la golosale yotseka, maambulera othyoka nthiti ali mbwee pamiyendo, kawaya kali kukamwa, kawailesi kakulira pambali. Ku Mulanje kuno wokonza maambulera sagona ndi njala, pakuti mvula yathu siwerenga miyezi. Ya dzinja ikati ipume, chiperoni chimatsika m'phiri kudzaigwirizira ntchito. Koma chimene chinawatchukitsa a Jailos si luso la waya ayi, ndi mawu a sewero lina lakalekale amene sachoka pakamwa pawo.

Sewerolo linapekedwa m'chaka cha 1985, a Jailos akadali mnyamata wothyola tiyi pa esiteti ina m'munsi mwa phiri. Amene analipeka anali mphunzitsi wa pasukulu ya pomwepo, a Elson, ndipo analitcha Sutikesi ya Filipo. Inali nkhani ya munthu amene anapita ku Joni n'kutchona zaka zambirimbiri osatumiza ngakhale kalata, kenako n'kutulukira ndi sutikesi yolemera moti amuna awiri anachita kuthandizana kunyamula. Mudzi wonse unasonkhana, mkazi wake Rosie anatsegula, ndipo m'katimo munali miyala yokhayokha. A Jailos ndiwo anali Filipo. Analionetsa maulendo khumi ndi awiri m'maholo a matchalitchi, kuyambira ku Chitakale mpaka ku Muloza. Kenako a Elson anasamutsidwa, gulu linabalalika, ndipo aliyense anavula zovala za sewero n'kubwerera ku dengu lake la tiyi. A Jailos anavula jekete lokha, koma Filipo anatsalira m'kamwa mpaka lero.

Palibe chimene chingachitike pa dziko lino chimene Filipo sanachinenepo kale. Wailesi ikalengeza kuti feteleza wakweranso, a Jailos amalavula kawaya, n'kugwira pachifuwa, n'kunena ndi mawu aakulu: "Ndinachoka mchere uli wopemphana, ndabwera mchere uli ndi loko!" Nthawi ya kampeni, magalimoto a zimkuzamawu akamadutsa akulonjeza misewu ndi milatho, iwo sadzutsa n'komwe mutu. Amangoti, "Kulemera kwa sutikesi si umboni wa katundu." Mnyamata wa kabaza akagwidwa ndi mkazi wake atakweza chibwenzi kwaulere, mawu ake alipo kale: "Ine sindinasochere, njira ndi imene inakhota." Anyamata a pa siteji amafa nako kuseka, ena anachita kuwaloweza, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene analionapo sewerolo. Kwa iwo Filipo ndi madala okonza maambulera basi.

Tisaname, nthawi zina amatopetsa. Munthu wabwera ndi ambulera yake mvula ikumukwapula, akufuna aimve nkhani ya waya, koma ayenera ayambe wamva zimene Filipo ananena m'sewero muja. Komabe tsiku lina pakamwa pomwepo panakhazika anthu chete. Anali masiku aja namondwe Freddy atagumula phiri, miyala ndi matope zitatsika m'midzi. Mayi wina anafika pa siteji atasenza ndowa yopanda kanthu, matope mpaka m'chiuno, akungoyang'ana uku ndi uku osadziwa kolowera. A Jailos anamuyang'ana, ndipo mawu anatuluka okha, motsitsa: "Nyumba ndinaisiya pano. Waisuntha ndani?" M'sewero muja mawu amenewa ankagwetsa anthu ndi phwete, chifukwa Filipo ankawanena ataledzera. Tsiku limenelo palibe anaseka. Mayi uja anakhala pansi n'kuyamba kulira, ndipo amayi ogulitsa nthochi anapita kukamugwira.

Dzuwa likapendeka a Jailos amamanga maambulera awo ndi linya n'kukwera kanjira kopita kumudzi. Kumeneko kulibe woseka. Iwo ndi mkamwini. Malo amene pali nyumba yawo ndi a kuchikazi. Akazi awo, a Marjory, anamwalira m'chaka cha 2016, ndipo abale a malemuwo sanawathamangitse, koma sabweranso kudzacheza. Mwana wamkazi anakwatiwa ku Blantyre, wamwamuna ali ku Joni. A Marjory sanalionepo sewerolo, koma ankadziwa kuliyankha m'njira yawoyawo: "Eya a Filipo, tamva, madzi akuzizira kubafa." Chichokereni iwo, a Jailos amanena mzere wawo n'kusiya kampata koti wina ayankhe, kenako n'kupitiriza. Kampata kameneka ndi kamene kamawapweteka, pakuti mawu a sewero ndi theka chabe la macheza.

Ndipo panali gawo limodzi la sewerolo limene mwini wake Filipo sanalimvepo. A Elson ankasamala mapepala ngati shuga wa alendo. Sewero lonse linali m'kope limodzi limene sankabwereketsa munthu. Wosewera aliyense ankangomupatsa masamba a mawu ake okha. Kumapeto kwa sewero, sutikesi ikatsegulidwa, Filipo ankathawa ndi manyazi, kudutsa pakati pa anthu n'kutulukira pakhomo lalikulu. Ana onse a m'holo ankamuthamangira akukuwa, "Wamiyala! Wamiyala!" A Elson anaona kuti zimenezi n'zothandiza, ndipo analamula kuti a Jailos azithamanga mpaka kutali ndithu, anawo ali pambuyo, kuti m'holo mukhale bata Rosie akamalankhula mawu otsekera. Choncho maulendo onse khumi ndi awiri a Jailos ankabwerera ali wefuwefu, n'kupeza sewero litatha, amayi akupukuta maso ndi nsonga za zitenje. Poyeserera a Elson ankangoti, "Apa Rosie alankhula, kenako tatseka," n'kupitirira. A Jailos kufunsa sanafunse. Ankadziyesa mwini sewero, ndipo mwini sewero safunsa. Komanso Eneles, amene anali Rosie, anali mkazi wa mwini, wosati n'kumanong'onezana naye kuseri kwa tchalitchi. A Jailos anangoganiza kuti poti amayi ankalira, ndiye kuti Rosie ankamukhululukira Filipo.

Zaka pafupifupi makumi anayi zinadutsa nkhaniyi isakuwasowetsa tulo, mpaka Lachitatu lina la mwezi wa Juni. Anali masana, chiperoni chikuwaza, pamene kafoni kawo ka mabatani kanalira. Nambala inali yakunja.

"Ababa, ndine Lenard."

A Jailos anagwetsa singano. Mwana wawoyu anapita ku Joni zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, kusiya mkazi wake Sharon ndi ana awiri kutsidya kwa mtsinje wa Likhubula. Zaka zitatu zoyamba ankaimba ndi kutumiza tizinthu, kenako anangoti zii. Ngakhale maliro a mayi ake anangowamvera pa foni.

Lenard analankhula mothamanga. Anagwa pa ntchito ya zomangamanga, mwendo sunapole bwino, ntchito inatha, mapepala anatha. Anzake a kumudzi anamugulira tikiti ya basi yonyamuka Loweruka madzulo.

"Koma ababa, ndilibe kanthu. Ngakhale chikwama chenicheni ndilibe. Kodi Sharon akandilandira? Ngati sakandilandira, bola ndingofera konkuno, tikitiyo ndipatse wina. Ndiimbanso Loweruka masana, mundiuze."

Foni inaduka. A Jailos, munthu amene anali ndi mawu a feteleza, a kampeni ndi a namondwe, anangoti kakasi. Anafufuza m'mutu mzere ndi mzere, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti mawu onse a Filipo ndi odzikanira mlandu. Palibe ndi amodzi omwe onena zimene mkazi wodikira amachita. Mantha anawagwira, mantha enieni, akuti akayankha molakwa mwana wawo sadzamuonanso.

Munthu wina aliyense akanangowoloka mtsinje n'kukamufunsa Sharon. Ndi ulendo woti phala silingazizire n'komwe. Koma a Jailos ndi a Jailos. Iwo anaganiza kuti yankho lili m'mawu a Rosie aja. Akawapeza, akawanena kwa mpongozi wawo kuti mtima wake ufewe, kenako akawanenanso kwa Lenard kuti akwere basi. A Elson anamwalira kalekale, kope lawo palibe akudziwa kumene linathera, ndipo mwa osewera khumi ndi anayi a sewerolo otsala anali awiri okha, iwo ndi a Eneles. M'mawa wa Lachinayi anavala malaya a kutchalitchi, nakwera minibasi ya ku Boma.

A Eneles ankakhala kwa mwana wawo wamkazi, kuseri kwa msika. A Jailos anawapeza pakhonde atakhala pampando, bulangete lili m'miyendo, dzanja lamanzere litagona pamwamba pake osagwedezeka. Matenda ofa ziwalo anali atawakhotetsa pakamwa. A Jailos anaima pa mpanda, ndipo m'malo mopereka moni anakweza mawu:

"Odi kuno! Kodi nyumba ino ikadali ya mwini wake?"

Mayi aja anatukula mutu pang'onopang'ono, nawayang'anitsitsa. Kenako anayankha, mawu akukoka koma osaphonya ndi limodzi lomwe:

"Ya mwini wake inde, koma mwini wakeyo ndi amene amafolera denga."

Kampata kaja kanali katatsekedwa. A Jailos anaponyanso mzere wina, nayankhidwa. Anaponya wachitatu, nayankhidwanso. Anamaliza gawo loyamba lonse, wina ali pa mpanda wina ali pampando, mpaka mwana wa a Eneles anatuluka ndi chipande m'manja kudzaona amene akukangana ndi mayi ake.

Atakhala pansi n'kulonjerana bwinobwino, a Jailos anafotokoza za Lenard, ndipo anapempha chimene anadzera.

"Achemwali, mundiuze mawu otsekera aja. Ine nthawi zonse ndinkakhala ndili kuthengo ndi ana. Munene pang'onopang'ono, ndabwera ndi pensulo."

A Eneles anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa mpaka kutsokomola.

"Bwezani pensulo yanu m'thumba, achimwene. Tsamba langa lomaliza linalibe mawu. Aphunzitsi analemba pamwamba kuti Filipo wathawa, m'munsi monse munali moyera."

"Moyera bwanji?"

"Anandiuza kuti, ine ndine mwamuna, sindinadikirepo munthu. Iwe amuna ako ali ku migodi chaka chachinayi tsopano. Ukaime pamenepo, ukanene zimene ungawauze."

A Jailos anayang'ana pensulo yawo. "Ndiye munkati chiyani?"

"Zinkatengera tsiku. Ku Chitakale ndinakukhululukirani, ndinati pitani mukamuitane, madzi osamba ndatereka, chifukwa sabata imeneyo ndinali nditalota bambo a ana atabwera. Ku Muloza ndinakutembererani mpaka abusa anayamba kukonza kukhosi, chifukwa mwana anali atagona ndi malungo, ine wopanda wondithandiza. Tsiku lina sindinanene kanthu. Ndinangotola miyala ija umodziumodzi n'kubwezera m'sutikesi, ndipo tsiku limenelo ndi limene amayi analira kwambiri."

"Nanga amuna anu atabwera, munawauza ziti?"

"Sanabwere."

A Jailos anachita manyazi aakulu. Zaka zonsezi ankadzitama kuti sewero lija ndi lawo, osadziwa kuti pamene iwo ankathamanga ndi ana, mnzawo ankatsala yekha kutsogolo kwa anthu akutsegula bala lake lenileni.

"Mawu amene mukufunawo ine ndilibe," anatero a Eneles. "Ali ndi mkazi wa mwana wanuyo. Munayamba mwamufunsapo?"

A Jailos anabweza pensulo m'thumba, natsanzika.

Lachisanu masana anawoloka mtsinje. Sharon anali atangoweruka kothyola tiyi, ali pabwalo akupeta nandolo. Ataona apongozi ake anaika lichero pansi, nawatulutsira mpando, iye n'kukhala pamphasa chapatali monga mwa ulemu. A Jailos anakonza kukhosi. Mizere itatu ya Filipo inabwera yokha kudzaima pa lilime, koma anaimeza yonse.

"Amake Chimwemwe, Lenard anaimba. Akufuna kubwera. Wavulala mwendo, ndipo alibe kalikonse. Akufunsa ngati mungamulandire. Ine sindikudziwa, n'chifukwa chake ndabwera kudzamva kwa inu."

Sharon anatenganso lichero n'kuyamba kutola timiyala mu nandolo.

"Apongozi, zaka zonsezi ndikabwera ku siteji kudzafunsa ngati mwamvako kanthu, munkandiuza kuti wapaulendo sachedwa, wodikira ndiye amafulumira. Anthu ankaseka, nanenso ndinkaseka, koma ndikafika kuno ndinkalira. Lero ndi tsiku loyamba kundifunsa."

"Ndinalakwa, mayi."

"Abwere, ana amuone. Chimwemwe amamudziwira pa chithunzi chokha, wamng'onoyu ndiye sakumudziwa n'komwe. Pabwalo pano adzakhala, chakudya adzadya. Koma m'nyumba umu ayi. Malata awa ndinakhoma ndi tiyi wanga, chitseko ichi ndinazolowera kutseka ndekha. Sindikumuda, apongozi, kungoti ndinamaliza kumudikira kalekale. Mukamuuze zomwezo, musakakometse."

A Jailos anavomera ndi mutu. Anafuna kupempha, kuchonderera, koma anaona kuti alibe pogwira. Anatsanzika, ndipo Sharon anawaperekeza mpaka pa mtengo wa mapeyala n'kubwerera ku lichero lake.

Loweruka anakhala pakhonde la golosale kuyambira m'mawa osasoka ambulera ndi imodzi yomwe. Wailesi inanena za mafuta a galimoto amene asowanso, ndipo anyamata a kabaza anatembenuka kudikira kuti Filipo atipo chiyani, koma madala anali duu. Foni italira, ananyamuka n'kuzungulira kuseri kwa golosale, kumene kunalibe womvera.

"Ababa, mwandifunsira?"

Bodza linali pafupi kwambiri. Akanangoti inde, akukudikira, mwanayo akanakwera basi, zinazo n'kudzaonera konkuno. Koma anakumbukira kuti Lenard akadzapeza chitseko chotseka atauzidwa kuti n'chotsegula, adzabwerera osatsanzika, ndipo ulendo umenewo udzakhala womaliza.

"Ndinapita, mwana wanga. Sharon wakana. Akuti ana udzawaona, koma m'nyumba mwake sudzalowa, ndipo ine sindikumuimba mlandu."

Kumbali inayo kunangomveka mpweya ndi phokoso la magalimoto.

"Lenard, usadule, tamvera. Ine ndilibe mawu okoma oti ndikuuze. Ndili ndekha. Chimwalirire mayi ako ndimadya ndekha, ndimadwala ndekha, ndikafika kunyumba ndimalankhula ndi nkhuku. Pa siteji amandiseka, ndipo ndimalola, chifukwa akasiya kuseka palibe amene angandiyankhule. Ndakusowa, mwana wanga. Bwera chimanjamanja choncho, ndi mwendo wakowo, udzafikire kwa ine."

A Jailos anakanikiza foni kukhutu. Anadikira. Patapita kanthawi anamva Lenard akufwenthera, kenako mawu otsika kwambiri:

"Ndamva, ababa."

Foni inaduka. A Jailos anayesa kuimbanso, koma nambalayo inali ya munthu wina, amene anayankha m'chilankhulo chimene iwo sanachimve. Sanadziwe ngati mwana wawo wavomera kapena watsanzika.

Tsiku limenelo anaweruka dzuwa likadali pamutu. Atafika kunyumba anatsegula kachipinda kamene Lenard ankagona ali mnyamata, momwe tsopano munadzaza mafupa a maambulera a zaka khumi. Anatulutsa zonse n'kuunjika pabwalo, anasesa, anawaza madzi pansi kuti fumbi ligone, nayala mphasa. Basi yochokera ku Joni imatenga masiku awiri kapena atatu, malinga ndi za pa malire. Lolemba m'mawa a Jailos anafika pa siteji anyamata a kabaza asanabwere, ndipo mpando wawo anauika moyang'ana kumene minibasi za ku Blantyre zimatulukira.